Mayi kapena mwana akavulala pobereka: njira zimene banja lingatsate kuti lipeze chilungamo

Kuvulala pobereka ndi vuto limene limagwera mayi kapena mwana matenda a uchembere atayamba, panthawi yobadwa, kapena m'maola oyamba mwana atangobadwa. Kwa mwana, vuto lalikulu ndi kubanika, pamene ubongo usowa mpweya wokwanira. Mwana wotere salira pobadwa, amalephera kuyamwa, mwina amakomoka, ndipo pakapita miyezi amachedwa kulimba khosi, kukhala pansi ndi kuyenda. Ana ena amafooka mkono umodzi chifukwa mitsempha ya paphewa inakokeka potuluka, ena amathyoka fupa. Kwa mayi, mavuto odziwika ndi kuphulika kapena kuchotsedwa kwa chiberekero, fisitula imene imachititsa mkodzo kapena chimbudzi kumangotuluka, kuola kwa bala la opaleshoni, ndi kutaya magazi ambiri. Nthawi zina mapeto ake amakhala imfa.

Ngati vutolo ladza chifukwa cha kulekerera kwa ogwira ntchito m'chipatala, malamulo a dziko la Malawi amapatsa banja njira zingapo. Njira iliyonse ili ndi chimene imapereka: ina imabweretsa kufotokozeredwa ndi kupepesedwa, ina chilango kwa wolakwa, ina chipukuta misozi. Zonsezi zimadalira zinthu ziwiri, umboni ndi nthawi.

Kusiyanitsa tsoka ndi kulekerera

Si kuvulala kulikonse kumene kuli mlandu. Kulumala kochokera mu ubongo kungayambenso chifukwa chobadwa masiku asanakwane, matenda amene mayi anadwala ali woyembekezera, chikasu chachikulu m'masiku oyamba, malungo a mu ubongo, kapena matenda oumitsa khosi. Pali mavuto enanso amene amagwa mwadzidzidzi ngakhale azamba atachita zonse moyenera.

Kuti khoti linene kuti panali kulekerera, wodandaula ayenera kuonetsa zinthu zitatu. Choyamba, kuti chipatala chinali ndi udindo wosamalira wodwalayo. Udindo umenewu umayamba pamene mayi walandiridwa, ndipo suchepa chifukwa choti thandizo linali laulere. Chachiwiri, kuti chisamaliro chinaperewera poyerekeza ndi chimene wogwira ntchito wodziwa bwino ntchito yake akanachita pamalo ngati omwewo. Makhoti a m'Malawi amatsatira muyeso umene unakhazikika pa mlandu wa Bolam ku England mu 1957, wonena kuti dokotala salakwa ngati wachita zimene gulu la akatswiri anzake odalirika lingavomereze. Chachitatu, kuti kupereweraku ndiko kunadzetsa kuvulalako. Milandu yambiri imagwera pa mfundo yachitatuyi, chifukwa sikokwanira kuonetsa kuti namwino anachedwa. Pafunika kuonetsanso kuti akanafulumira, mwana kapena mayi akanapulumuka.

Zitsanzo za zimene zingakhale kulekerera ndi izi: kusiya mayi maola ambiri osamuyeza ali m'chipinda chochilira, kusamvetsera kugunda kwa mtima wa mwana, kuchedwa kutumiza mayi ku chipatala chachikulu zizindikiro zoopsa zitaoneka, kuchedwetsa opaleshoni popanda chifukwa chomveka, kuiwala thonje kapena chida m'mimba, ndi kulephera kuthandiza mwana wobanika kuti ayambe kupuma.

Gawo loyamba: kupeza thandizo la chipatala msanga

Nkhani ya malamulo isachedwetse chithandizo. Mwana wobanika kapena wofooka mkono amapindula kwambiri akayamba mafizo adakali wakhanda. Mafizo amapezeka ku chipatala cha Kamuzu Central, ndipo bungwe la Malawi Against Physical Disabilities limathandizanso ana olumala ziwalo. Mayi amene akudontha mkodzo angathandizidwe kwaulere ku malo ochizira fisitula a pa chipatala cha Bwaila. Kupita kumeneku kuli ndi phindu lina: dokotala wachiwiri amalemba zimene waona, ndipo zolemba zakezo zimasanduka umboni wosachokera kwa amene akudandaulidwa.

M'midzi yambiri, matenda akatalika pamabuka mphekesera zoti mayi kapena bambo sanayende bwino, kapena kuti pali dzanja la munthu. Kulozana zala kotereku kumapasula mabanja ndi kudya miyezi imene ikanagwira ntchito yofufuza zimene zinachitikadi m'chipinda chochilira. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri angathandize kwambiri pogwirizanitsa banja ndi kusankha munthu mmodzi wodekha, wodziwa kulemba, woti aziyendetsa nkhaniyo limodzi ndi mayiyo.

Gawo lachiwiri: kulemba ndi kusunga umboni

Mwachitsanzo, m'boma la Lilongwe, mayi wa ku Nsaru, Nambuma kapena Mpingu kawirikawiri amayambira pa chipatala chaching'ono cha kwawo. Zikavuta amatumizidwa ku Kabudula, ku St Gabriel ku Namitete, ku Bwaila, kapena ku chipinda cha amayi cha Ethel Mutharika ku Kamuzu Central. Motero kubereka kumodzi kungadutse m'zipatala ziwiri kapena zitatu, ndipo chilichonse chimakhala ndi zolemba zake. Banja liyenera kutsata ulendo wonsewo.

Chofunika kuchita m'masiku oyambirira ndi kulemba m'kope zonse zimene mayi ndi womudikirira akukumbukira: tsiku ndi ola limene matenda anayamba, ola lofika pa chipatala, amene anamulandira, kangati anayezedwa, ola limene nsupa inasweka, nthawi imene ambulansi inaitanidwa ndi imene inafika, mawu amene ogwira ntchito ananena, ndiponso ngati mwana analira pobadwa. Ngati dzina la namwino silikudziwika, tsiku ndi ola n'zokwanira, pakuti chipatala chimasunga ndandanda ya amene anali pa ntchito. Mayina ndi midzi ya amayi ena amene anali m'chipindamo kapena kuchidikiro alembedwenso, chifukwa angadzakhale mboni.

Kabuku ka kuchipatala ka mayi ndi ka mwana n'zamtengo wapatali. Tisungidwe pouma, tijambulidwe pa foni tsamba ndi tsamba, ndipo tichititsidwe fotokope. Wina aliyense akafuna kuona, apatsidwe fotokope; kabuku kenikeni kasachoke m'manja mwa banja. Kalata yotumizira wodwala ku chipatala china, chikalata chotulutsira m'chipatala, zithunzi za bala kapena za mwana, ndi malisiti a mankhwala ndi a mayendedwe, zonse zisungidwe pamodzi.

Zolembazo zikhale zoona zokhazokha. Ngati mayi anachedwa kunyamuka kunyumba, anayamba wapita kwa azamba a kumudzi, kapena anamwa mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda monga mwanamphepo, loya ayenera kudziwa zimenezi pachiyambi. Sizithetsa mlandu pazokha, koma chipatala chidzazitchula podziteteza, ndipo zingachepetse chipukuta misozi. Zikatulukira mochedwa m'khoti zimaononga umboni wonse wa banja.

Ngati mayi kapena mwana wamwalira ndipo banja likukayika, lili ndi ufulu wopempha kuti thupi lipimidwe lisanaikidwe m'manda. Pempholi ndi lowawa pa nthawi ya maliro, koma mwayi wake subweranso mosavuta.

Gawo lachitatu: kupempha fayilo ya kuchipatala

Umboni waukulu uli m'fayilo. M'menemo muli pepala lotchedwa partograph, pamene mzamba amalemba mmene matenda akuyendera. Matenda akakhwima, mtima wa mwana umayenera kumvetseredwa pa mphindi 30 zilizonse, ndipo njira imayezedwa pa maola anayi alionse. Mulinso manambala a Apgar, ochokera pa 0 kufika pa 10, osonyeza mphamvu za mwana pa mphindi yoyamba ndi yachisanu atabadwa. Mulinso zolemba za kuchipinda cha opaleshoni ndi za kunazale. Mipata yosalembedwa pa mapepala amenewa imanena zambiri.

Pempho la fayilo lilembedwe m'kalata yopita kwa mkulu wa chipatala, yokhala ndi dzina la wodwala, tsiku logonekedwa ndi tsiku lotuluka. Kalatayo ikhale pawiri, ndipo imodzi idindidwe ndi kubwerera kunyumba. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga, ndipo lamulo la Access to Information Act, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, linalimbitsa ufulu umenewu. Chipatala chikakana kapena chikangokhala chete, loya angapemphe khoti kuti lilamule kuti fayiloyo itulutsidwe. Kupempha msanga n'kofunika chifukwa mafayilo a mapepala amasowa, amanyowa, ndipo amasokonekera akakhalitsa.

Gawo lachinayi: kudandaula pa chipatala pomwepo

Khomo loyandikira ndi la mkulu wa chipatalacho. Banja lingapemphe msonkhano kuti lifotokozeredwe zimene zinachitika, ndipo ndi bwino kupita ndi mboni imene izilemba zokambidwa. Zipatala zing'onozing'ono zili ndi makomiti a anthu a m'dera oyang'anira kayendetsedwe ka chipatala, amene angaperekeze banja. M'zipatala zambiri mulinso ofesala wolandira madandaulo a odwala, wotchedwa hospital ombudsman, amene dzina ndi nambala yake zimapachikidwa pakhoma. Nkhani ikakanika pamenepa, ipite kwa mkulu wa zaumoyo m'boma la Lilongwe, kapena kwa eni chipatala ngati ndi cha mpingo.

Gawo limeneli limathandiza kupeza mayankho ndi kukonza zolakwika kuti zisagwerenso ena. Silipereka ndalama zolerera mwana wolumala. Ngati pa zokambiranazi banja lapatsidwa ndalama kapena pepala loti lisaine, lisasaine kufikira loya ataliwerenga, chifukwa pepala lotere lingakhale lonjezo loti nkhani yatha. Mfumu ya m'mudzi ingathandize kulemba kalata yochitira umboni kapena kuperekeza anthu ake, koma bwalo la mfumu lilibe mphamvu zoweruza chipatala.

Gawo lachisanu: mabungwe oyang'anira ogwira ntchito zachipatala

Madokotala ndi makiliniko ofesala amalembetsedwa ndi bungwe la Medical Council of Malawi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987. Anamwino ndi azamba ali pansi pa Nurses and Midwives Council of Malawi, motsatira lamulo la 1995. Mabungwe onsewa ali ndi malikulu ku Lilongwe, ndipo amalandira madandaulo olembedwa kuchokera kwa wodwala kapena m'bale wake. Amafufuza, amaitana wodandaulidwa, ndipo akamupeza wolakwa angamuchenjeze, kumuimitsa, kapena kumuchotsa m'kaundula kuti asagwirenso ntchitoyo.

Mabungwewa salamula chipukuta misozi. Komabe, popeza ofufuzawo ndi akatswiri a zachipatala, zimene apeza zimathandiza loya kuona ngati mlandu uli ndi mphamvu. Ngati pa kubereka kumodzi panali mzamba ndi kiliniko ofesala, dandaulo lipite ku mabungwe onse awiri.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: Ombudsman ndi bungwe la ufulu wa anthu

Ofesi ya Ombudsman inakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko a 1994 kuti izifufuza kwaulere madandaulo a anthu amene achitiridwa zosalungama ndi maofesi a boma. Mu 2019, pamene Martha Chizuma anali pa udindowu, ofesiyi inatulutsa lipoti lotchedwa Woes of the Womb, lokhudza kuchotsedwa kwa ziberekero za amayi m'zipatala zikuluzikulu za Queen Elizabeth, Zomba ndi Kamuzu Central. Lipotilo linaloza kuchepa kwa ogwira ntchito ndi zipangizo komanso kulekerera kwa ena mwa ogwira ntchito, ndipo linalamula unduna wa zaumoyo kukonza zinthu. Linasonyeza poyera kuti zochitika m'chipinda chochilira zingathe kufufuzidwa ndi anthu a kunja kwa chipatala.

Njira imeneyi ndi yoyenera makamaka pamene vuto lili m'kayendetsedwe ka ntchito, monga ambulansi yopanda mafuta, chipatala chosiyidwa chopanda mzamba usiku, kapena fayilo yobisidwa. Ombudsman satenga nkhani imene ili kale m'khoti. Bungwe la Malawi Human Rights Commission nalo limalandira madandaulo okhudza kunyozedwa, kumenyedwa, kusalidwa, kapena kuchitidwa opaleshoni yotseka kubereka popanda chilolezo cha mayi.

Pamene kulekererako n'koopsa kwambiri, makamaka ngati kwadzetsa imfa, nkhani ingakanenedwenso ku polisi, pakuti malamulo a milandu ya upandu amaletsa kupereka chithandizo cha mankhwala mosasamala moika moyo pachiswe. Pa mlandu wotere woimba mlandu ndi boma, ndipo cholinga chake ndi chilango, osati kulipira banja.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kupeza loya

Mlandu wofuna chipukuta misozi pa nkhani ya chipatala ndi wovuta kuuyendetsa popanda loya. Banja losowa ndalama lipite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndipo lili ndi ofesi ku Lilongwe. Kumeneko amafunsa za kapezedwe ka wodandaula ndi kuunika ngati mlandu uli ndi maziko. Ena amathandizidwa kwaulere, ena amapemphedwa kuperekapo pang'ono. Bungwe la Women Lawyers Association limathandizanso amayi ndi ana, ndipo Malawi Law Society imadziwa maloya amene ali ndi chiphaso chogwirira ntchito.

Wosankha loya woyima payekha agwirizane naye za malipiro polemba, asanayambe ntchito: ndalama zingati, zilipidwa liti, ndipo ndani alipire katswiri wodzachitira umboni. Banja lichenjere ndi anthu oyendayenda m'zipatala ndi m'misika amene amalonjeza kuthamangitsa chipukuta misozi koma si maloya. Pokakumana ndi loya, banja litenge kope la zochitika, mafotokope onse, ziphaso za unzika, ndi mayankho alionse ochokera ku chipatala kapena ku mabungwe.

Gawo lachisanu ndi chitatu: kusunga nthawi

Lamulo la Limitation Act limapereka zaka zitatu zokha zokasumira mlandu wa kuvulala kobwera chifukwa cha kulekerera. Zakazi zikadutsa, wodandaulidwa angapemphe khoti kuti litaye mlanduwo ngakhale umboni utakhala wochuluka.  Ndiponso kudikira kumapha umboni: anamwino amasamutsidwa, mboni zimaiwala.

Posumira boma pali lamulo lina. Wodandaula ayenera kupereka chidziwitso cholembedwa kwa Attorney General, mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, ndi kudikira miyezi itatu asanatsegule mlandu. Miyezi imeneyi iwerengeredwe mkati mwa zaka zitatu zija. Kudandaula ku chipatala, ku mabungwe a madokotala ndi anamwino, kapena kwa Ombudsman sikuimitsa kuwerenga kwa nthawiyi. Choncho banja lionane ndi loya m'miyezi yoyambirira, ngakhale likudikira mayankho kuchokera kwina.

Gawo lachisanu ndi chinayi: mlandu m'khoti

Milandu ya kuvulala kwakukulu imapita ku khoti lalikulu la High Court, ndipo kwa anthu a m'boma la Lilongwe limakhala mumzinda wa Lilongwe. Kawirikawiri wosumiridwa ndi mwini chipatala, chifukwa wolemba ntchito amayankha pa zolakwa za antchito ake. Pa chipatala cha boma, chisamani chimatchula Attorney General, ndipo nthawi zina khonsolo ya boma. Pa chipatala cha mpingo, ngakhale chili pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM ndipo chimathandiza amayi kwaulere mogwirizana ndi boma, amasumiridwa ndi matrasti kapena eni ake. Ngati mayi anadutsa m'zipatala za eni osiyana, loya ndiye amaona woyenera kutchulidwa. Mwana amasuma kudzera mwa kholo kapena womulera.

Malamulo oyendetsera milandu a 2017 amafuna kuti mbali ziwirizo ziyambe zakambirana pamaso pa woweruza ngati mkhalapakati. Zikamvana, mgwirizano umalembedwa ndipo umakhala ndi mphamvu ya chigamulo. Ngati ukukhudza mwana, khoti limaonetsetsa kuti ndi womukomera. Zikalephera kumvana, mlandu umazengedwa. Mayi, womudikirira ndi mboni zina amapereka umboni ndi kufunsidwa mafunso. Mboni yofunika koposa ndi katswiri, monga dokotala wa amayi kapena wa ana, wofotokoza chimene chinayenera kuchitika ndi mmene kulephera kwake kunadzetsera kuvulala. Wodandaula safunika kuchotsa chikayiko chonse monga pa mlandu wa upandu. Akungofunika kuonetsa kuti mbali yake ndiyo yomveka kuposa inayo. Pa zinthu zoonekeratu, monga thonje loiwalidwa m'mimba, khoti lingayembekezere chipatala kuti ndicho chifotokoze mmene zinachitikira.

Banja lidziwiretu kuti milandu yotere imatenga zaka, kuti woluza angalamulidwe kulipira zimene mnzake waononga pa mlandu, ndiponso kuti boma limatha kuchedwa kulipira ngakhale chigamulo chitaperekedwa.

Gawo lakhumi: chipukuta misozi ndi tsogolo la mwana

Khoti likapeza chipatala cholakwa, kuchuluka kwa ndalama kumawerengedwa padera, nthawi zambiri ndi Registrar wa khotilo. Amaganizira ululu ndi kuzunzika, kutaya mwayi wosangalala ndi moyo monga kubereka, kuyenda kapena kuphunzira, zipsera ndi kupunduka, ndiponso kulephera kugwira ntchito yopezera ndalama. Ndalama zimene banja laononga kale zimabwezedwa pokhapokha zitatchulidwa m'chisamani ndi kutsimikizidwa, n'chifukwa chake malisiti ndi ofunika. Kwa mwana wolumala moyo wonse, loya apemphenso za chisamaliro cha m'tsogolo: mafizo, mankhwala a khunyu, njinga ya olumala, mayendedwe opita ku chipatala, ndi munthu womusamalira. Mayi akamwalira, mwamuna wake, ana ndi ena amene ankadalira iye angapemphe chipukuta misozi pa kufupikitsidwa kwa moyo wake ndi pa thandizo limene ataya.

Ndalama zoperekedwa m'dzina la mwana ndi za mwanayo. Khoti lingalamule mmene zisungidwire, ndipo si zogawana pa mtundu. Banja lipemphe loya kuti alionetse chigamulo cholembedwa ndi chiwerengero chonse cha ndalama zimene zalandiridwa ndi zimene zadulidwa. Loya akabisa kapena kudya ndalama za wodandaula, nkhaniyo ikanenedwe ku Malawi Law Society.

Kaya mlandu wapambana kapena ayi, mwanayo ali ndi ufulu wa maphunziro, chithandizo cha chipatala ndi kusasalidwa, monga mwa malamulo oteteza anthu olumala. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma la Lilongwe, alangizi a zaumoyo a m'mudzi, ndi bungwe la makolo a ana olumala la PODCAM angalozere banja kumene kuli thandizo lopitirira. Makalata onse ochokera ku malo amenewa aikidwe pamodzi ndi zolemba zina za mwanayo, chifukwa amasonyeza kukula kwa chisamaliro chimene akufuna, ndipo khoti limawagwiritsa ntchito powerengera chipukuta misozi.